Mtengo wokumbukira malemu m'chidebe: kusankha woti usadzakufereni m'manja

Amayi atatisiya tinakaika kumudzi ku Ntcheu, ndipo patatha chaka tinamanga chiliza monga mwa mwambo. Koma ine ndimakhala m'nyumba ya lendi ku Lilongwe, kumanda ndimafikako mwina kamodzi pachaka. Ndinkafuna kanthu kamoyo pakhonde koti ndizikaona m'mawa uliwonse. Pansi sindikanabzala, poti malo ndi a eni nyumba, ndipo tsiku lililonse akhoza kukuuza kuti nyumbayi akufuna kulowamo mwana wawo. Ndiye ndinatenga nthanga ya peyala ya mumtengo wa amayi n'kuibzala m'ndowa yakale. Inamera bwinobwino mpaka kufika m'chiuno. Mvula ya mu Januwale itasefukira m'ndowamo, mizu inawola, masamba anagwa pasanathe milungu iwiri. Ndinalira ngati maliro achitika kachiwiri.

N'chifukwa chake ndikulemba izi. Mtengo wachikumbutso ukafa, mtima umapweteka mosiyana ndi momwe umapwetekera duwa wamba likafota. Choncho posankha, musayambe ndi funso loti malemu ankakonda mtengo wanji. Yambani ndi loti ndi mtengo uti umene ungakhale ndi moyo pamalo anuwo, m'chidebe, ngakhale pa sabata imene inuyo mulibe mphamvu yonyamula kheni.

Choyamba: yang'anani malo musanaganize za mtengo

Tengani tsiku limodzi lomwe muli pakhomo, muone pamene mukufuna kuika chidebepo. Dzuwa limafikapo nthawi yanji, limachokapo nthawi yanji? Mitengo yazipatso imafuna maola osachepera 6. Khonde loyang'ana kumadzulo, makamaka ngati pansi pake n'pasimenti ndipo kumbuyo kuli khoma, mu Okutobala limasanduka ng'anjo. Onaninso kumene kumachokera mphepo, ndiponso ngati madzi a padenga amagwera pomwepo. Ndowa yanga ija ndinaiika m'munsi mwenimweni mwa malata, ndiye mvula yonse ya padenga inkathera m'menemo.

Kenako dzifunseni kuti kupirira kwanuko n'kupirira chiyani. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa n'kutentha kopitirira madigiri 40 ndi madzi a pamjigo amene malo ena amakhala amchere. Ku Dedza, ku Mzimba ndi madera ena okwera n'kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Ku Thyolo ndi ku Mulanje n'chinyontho cha chiperoni. Ku Lilongwe n'chilimwe chachitali, kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula osaioneratu, kuphatikiza masiku amene mpopi umangotulutsa mpweya. Mtengo wolimba ku Nsanje ukhoza kukhala wofooka ku Dedza.

Funso lomaliza ndi lovuta kuliyankha moona: mukachoka sabata yathunthu, adzathirira ndani? Ngati yankho ndi loti palibe, mandimu muwaiwale.

Chachiwiri: chotsani yosayenera, ngakhale mtima ukukana

Peyala, mango, mbawa, mlombwa, msangu, bulugamu ndi jakaranda ndi mitengo ya pabwalo. Ina ili ndi muzu waukulu wofuna kulowa pansi kwambiri, ina imakula mothamanga moti pakatha zaka ziwiri chidebe chimakhala chadzaza mizu yokhayokha. Peyala ali ndi vuto linanso, mizu yake siipirira madzi oima ngakhale masiku ochepa. Papaya sakhalitsa. Masuku amavuta kuwalera kunja kwa dothi la m'nkhalango yawo. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ambiri amaufuna chifukwa cha ulemu wake, koma unazolowera nkhungu ndi kuzizira kwa pamwamba pa phiri. Pakhonde lotentha la mumzinda mudzangouzunza.

Nkhadze ndiye siifa, ndipo m'midzi yambiri ndi imene imadziwitsa kuti pano ndi pamanda. Komatu utomoni wake ukagwera m'diso ndi nkhani ya kuchipatala. Pakhomo pamene pali ana, ayi.

Ngati mtengo umene malemu ankaukonda uli m'gulu limeneli, ubzaleni kumudzi, pansi, pamunda kapena kuseri kwa nyumba yawo. Wa m'chidebe ukhale wina.

Chachitatu: sankhani pa yotsalayi

Kachere ndiye ndimaika patsogolo. Mukaona pamene mtengowu umamera kutchire mudzamvetsa chifukwa chake: m'ming'alu ya miyala, pamphanda ya mtengo wina, pakhoma la nyumba yakugwa. Mtengo wozolowera kukhala pothina chotere suona chidebe ngati ndende. Umapirira mukaiwala kuthirira, umalola mthunzi wa theka la tsiku, ndipo mukaudulira umaphukanso mwamsanga, choncho msinkhu wake mumaulamulira ndinu. Kuubzala n'kosavuta: nthambi yonenepa ngati chala chachikulu, yotalika masentimita 30 kapena 40, mukaizika m'dothi lonyowa kumayambiriro kwa mvula imagwira. Apa ndiye pali chokoma china. Ngati kumudzi kuli kachere amene agogo ankakhala patsinde pake poweruza milandu kapena posenda chimanga, nthambi ya mtengo womwewo ndi imene mungabwere nayo kutauni. Choipa chake chachikulu ndi ichi: mizu yake ndi yakuba. Ikangotulukira pabowo la chidebe n'kupeza mng'alu pasimenti, imalowa, ndipo mudzayambana ndi eni nyumba. Chisanu choopsa nachonso suchipirira.

Wachiwiri ndi makangaza, omwe aja timawawerenga m'Baibulo. Mwachibadwa ndi mtengo waufupi, wopirira chilala ndi kuzizira komwe, wa maluwa ofiira owala. Umafuna dzuwa lambiri. Nyengo yozizira ukhoza kuyoyola masamba ena, musadandaule, sunafe. Umakonda kutulutsa mphukira zambiri patsinde, ndipo mukafuna uoneke ngati mtengo osati chitsamba muzizichotsa n'kusiya thunthu limodzi kapena atatu. Zipatso zimang'aluka mukamathirira mwa apo ndi apo, lero madzi ambiri, kenako sabata yonse gwa. Kwa munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba, uwu ndi umene ndingamusankhire.

Mandimu kapena nachesi ndi amene amabweza zambiri: maluwa onunkhira, masamba obiriwira chaka chonse, ndi chipatso choti mufinyire m'tiyi pa tsiku lokumbukira. Koma pa mitengo yonse ndatchulayi, iyi ndiyo yofuna kuleredwa ngati khanda. Madzi asadukize, chakudya chisasowe, tizilombo muziyang'ana sabata iliyonse. Mukasankha iyi, gulani mbande yomezanitsa. Imayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ndipo siitalika mopusa, pamene ya nthanga imakula ndi minga yambiri n'kukudikiritsani zaka zisanu kapena kuposa.

Mlambe ambiri amaseka ndikautchula, poti amaganiza za zimphona za ku Mangochi ndi ku Salima. Koma m'chidebe umakhala waung'ono kwa zaka zambiri, ndipo ku South Africa anthu okonda bonsai, timitengo tolerera m'miphika kuti tisakule, amaulera kwambiri. Umasunga madzi m'thunthu ndi m'muzu, choncho kwa munthu woyendayenda palibe wina woposa uwu. Lamulo lake n'limodzi: ukayoyola masamba nyengo yozizira, lekani kuthirira mpaka mutaona timasamba tatsopano cha mu Okutobala kapena Novembala. Ambiri amaupha ndi chifundo, kuuthirira uli mtulo. Dziwaninso kuti miyezi ingapo pachaka udzakhala mbulanda, nthambi zokhazokha. Anamfedwa ena zimenezi zimawalasa mtima, amaona ngati wauma. Ngati ndinu wotero, tengani wa masamba osayoyoka. Malambe m'chidebe musayembekezere.

Frangipani, uja wa maluwa oyera achikasu pakati amene timamuona m'mamishoni akale, nayenso amapirira chilala ndipo amagwira ndi nthambi. Mukadula nthambiyo muisiye pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri kuti bala liume musanabzale. Utomoni wake umayabwa, ndipo kozizira kwambiri sachita bwino.

Abale athu a kunja nkhani yawo ndi ina. Ku Johannesburg, komwe ndi kokwera mamita opitirira 1,700, chisanu cha Juni ndi Julayi chimawaula kachere ndi mlambe mukazisiya pabwalo usiku. Kumeneko mtengo wa azitona wakutchire, umene m'manazale amautcha wild olive, ndiwo wolimba pa chisanu ndi chilala chomwe, ndipo makangaza amachitanso bwino. Ku Britain mdani ndi dothi lonyowa lozizira kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Mitengo imene imakhala bwino m'chidebe kumeneko ndi monga Japanese maple, amene amafuna malo obisika ku mphepo, holly, amelanchier wa maluwa oyera mu Epulo, kapena apozi womezanitsidwa pa tsinde lofupikitsa la M9 kapena M26. Mandimu kumeneko amayenera kulowa m'nyumba nyengo yozizira. Kumbukirani kuti mizu ya m'chidebe imazizidwa kuposa ya pansi, chifukwa kuzizira kumailowera mbali zonse. Kukayamba kuundana madzi, kulungani chidebecho ndi chiguduli kapena pulasitiki ya timatuza ija, n'kuchikokera pafupi ndi khoma. Ndipo musayese kunyamula mbande kapena dothi la kumudzi m'chikwama pokwera ndege. Malamulo oteteza zomera salola popanda zikalata, adzakulandani pabwalo la ndege.

Chachinayi: kugula mbande

Pitani nokha ku nazale, musatume. Musathamangire mbande yaitali kuposa zonse. Tengani yojintcha, ya thunthu lolimba, yofika m'bondo kapena m'chiuno. Tembenuzani masamba muone kunsi ngati kuli nsabwe kapena timatuza. Nyamulani chubu: ngati chikukana kuchoka pansi ndiye kuti mizu inaboola n'kulowa m'nthaka, ndipo wogulitsa akaizula mtengowo udzavutika. Pemphani kuti ang'ambe chubu pang'ono. Mizu yabwino imakhala yoyera kapena yotuwirako, yosanunkha. Yakuda yofewa ndi yowola, ndipo yozungulirazungulira ngati nkhata ndi ya mbande imene yakhalitsa m'chubu. Pa mandimu ndi nachesi funani chipsera pamene anamezanitsa, pathunthu, m'mwamba pang'ono kuchokera padothi. Ngati palibe chipsera, si yomezanitsa, kaya wogulitsa alumbire chotani. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ena ndi akatswiri enieni, ena amangofuna ndalama ya tsikulo. Amene ali pafupi ndi Bvumbwe ku Thyolo, komwe kuli malo a boma ofufuzira za mbewu za zipatso ndi masamba, kapena amene amadziwana ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango, afunse kumeneko komwe kumapezeka mbande zodalirika.

Chachisanu: chidebe

Musaike kambande kakang'ono mumgolo waukulu tsiku loyamba. Dothi lochuluka lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali, mizu n'kuwola. Yambani ndi cha malita 20, monga ndowa kapena chigubu chodula pamwamba. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri musamutsire m'cha malita 40 mpaka 60, ndipo pomaliza theka la mgolo wa malita 200 ndi nyumba yokwanira kwa zaka zambiri. Mgolo umene munali mankhwala kapena mafuta a galimoto musaugwiritse ntchito.

Chilichonse chili ndi khalidwe lake. Mphika wadothi umapuma ndipo mizu imakhala yozizirira, koma umauma msanga ndiponso umasweka posamuka. Wasimenti sugwa ndi mphepo, koma kulemera kwake mudzakudziwa tsiku lokweza katundu m'lole. Pulasitiki yakuda ndi chitsulo zimatentha padzuwa mpaka kupsereza mizu ya m'mbali. Zipakeni penti yoyera kapena zikulungeni ndi mphasa yakutha. Za kulemerazi ndikunena zoona: chidebe cha malita 50 chodzaza dothi lonyowa chimaposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ngati mumasamukasamuka, kapena mumakhala m'nyumba yosanja, ganizirani zimenezo musanagule.

Mabowo ndiwo moyo wa mtengo. Boolani asanu kapena asanu ndi limodzi pansi, aakulu oti chala chilowe, osati timabowo ta msomali timene timatsekeka ndi matope. Pabowo lililonse vindikirani ndi phale kuti dothi lisatuluke. Ambiri tinaphunzitsidwa kuyala miyala yambiri pansi pa chidebe, koma siithandiza madzi kutuluka, imangolanda malo a mizu. Mukatero khazikani chidebecho pa njerwa zitatu kapena zinayi. Njerwazi zimagwira ntchito zitatu: madzi amatuluka momasuka, chiswe mumachiona chisanalowe, ndipo mizu ya kachere ikasuzumira mumaidula isanagwire pansi.

Chachisanu ndi chimodzi: dothi

Dothi la m'munda lokha, makamaka makande kapena la pachulu, m'chidebe limagwirana ngati njerwa. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi lapamwamba, ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje wokhakhala. Manyowa owola bwino ndi amene sakununkhanso khola ndipo sakutentha mukapisamo dzanja. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Makala ophwanyika otsala pansi pa thumba ndi abwino, thiranimo manja awiri kapena atatu. Kwa mlambe ndi frangipani wonjezerani mchenga ufike theka. A ku Britain agule dothi la m'matumba lotchedwa John Innes No. 3, lomwe linapangidwira zomera zokhalitsa m'chidebe.

Ena amafuna kuikamo dothi la kwawo kuti mtengo ukhale ndi kanthu ka malemu. Ine ndinatapa dzanja limodzi m'dimba la amayi. La kumanda ndiye musalikhudze. Kwathu kuno munthu wotapa dothi pamanda amamuganizira zina, ndipo mukhoza kuutsa mlandu pabanja pa chinthu chimene munachita ndi mtima wabwino. Ndi bwinonso kuwauza amalume kapena azakhali za mtengowo usanabzalidwe, kuti pasadzakhale wonena kuti mwatsegula kachisi pakhonde. Kwa amene ali kumaiko kumene mitembo ina amaitentha, phulusa lake lili ndi mchere wambiri ndipo limawononga mizu m'chidebe. Ngati mukufunadi kuikamo, kakhale kochepa kwambiri, kosakanizidwa ndi dothi lonse.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku lobzala

Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, ndipo ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ngati tsiku lokumbukira malemu likugwa mu Okutobala, mukhoza kubzala ndithu, koma chidebecho chikhale pamthunzi milungu iwiri yoyamba. Bzalani madzulo. Thirirani mbande ikadali m'chubu, ng'ambani chubucho ndi lezala osakoka thunthu, masulani mizu yopiringizika ndi zala. Khazikani mtengo kuti dothi lifike pomwe linkafika m'chubu, osapitirira. Kukwirira thunthu kumawoletsa khungwa, ndipo chipsera cha pomezanitsa chikhale pamtunda nthawi zonse. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa dothi ndi mlomo wa chidebe kuti madzi azikhala ndi poima. Tsinderani ndi manja, thirirani mpaka madzi atuluke pansi, ndipo phimbirani pamwamba ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, osagunditsa thunthu. Ngati pali nkhuku, ikani miyala ingapo pamwamba pa udzuwo. Ngati pali mbuzi, mpanda ndi wofunika tsiku lomwelo, osati mawa.

Dzina la malemu mukhoza kulemba pachidebe kapena pamwala. Musakhome msomali pamtengo kapena kumanga waya pathunthu, umadzalowa m'khungwa mtengo ukamakula.

Chachisanu ndi chitatu: chaka choyamba

Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Ngati muli chinyontho, dikirani. Mu Okutobala mwina mudzathirira tsiku lililonse, mu Juni kawiri pa sabata, m'dzinja mwina osathirira n'komwe, ntchito n'kuona ngati madzi akutuluka pansi. Pothirira thirani okwanira mpaka adonthe, osati kungowaza pamwamba. Masamba achikasu ofewa kawirikawiri amatanthauza madzi ochuluka, osati ochepa, ndipo apa ndi pamene anthu achisoni amalakwitsa, chifukwa kuthirira ndi chinthu chokhacho chimene akuona kuti angamuchitire malemu. Madzi ochapira zovala a sopo waufa musathire. Otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba alibe vuto. Kumene madzi ndi amchere, kamodzi pamwezi thirani ambiri kuti atsuke mchere utuluke pansi, ndipo mvula ikagwa tungani ya padenga musunge.

Mukachoka masiku angapo, kokerani chidebe pamthunzi, thirirani kwambiri, ndipo zikani mozondotsa botolo la malita awiri lodzaza madzi, loboola kabowo kamodzi pachitsekerero.

Chakudya m'chidebe chimatha msanga. Miyezi iwiri yoyamba musathire feteleza. Kenako, nyengo yokula, kachitsekerero kamodzi ka botolo la zakumwa ka NPK pa chidebe cha malita 20, kamodzi pa miyezi iwiri, mothira m'mbali kutali ndi thunthu ndipo dothi likhale lonyowa. Yureya wa chimanga uja ndi waukali, dzanja likangolemera pang'ono mtengo wapsa. Chaka chilichonse palani dothi lapamwamba masentimita 5 n'kuikapo manyowa atsopano. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mandimu, dziwani kuti pali nsabwe zimene zikuweta. Tsukani masamba ndi madzi a sopo wamtanda pang'ono, madzulo. Mbozi tolani ndi manja. Mphukira iliyonse yotuluka kunsi kwa chipsera cha pomezanitsa ithyoleni ikadali yanthete, apo ayi idzalanda mtengo wonse.

Chomaliza: mtengo usakhale umodzi

Ichi ndi chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanataye peyala uja. Mtengo ukangolimba, chaka chachiwiri, dulani nthambi zitatu kapena zinayi mubzale m'machubu. Kachere, makangaza ndi frangipani zonse zimagwira motere. Pa makangaza tengani nthambi yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 20 mpaka 25. Imodzi perekani kwa achemwali, ina kwa achimwene, ina ipite kumudzi ikabzalidwe pansi. Tsiku lina wanuwo ukadzafa ndi chiswe kapena ukadzathyoka posamuka, mudzangopita kukadula nthambi kwa m'bale wanu, ndipo udzakhala mtengo womwewo.

Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse mudzaona madzi akungodutsa osanyowetsa dothi, kapena masamba atsopano akuchepa msinkhu. Ndiye kuti mizu yadzaza. Kumayambiriro kwa mvula gonekani chidebe cham'mbali, solorani mtengo, dulani mizu ya m'mbali ndi ya pansi ndi mpeni wakuthwa osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, duliraninso nthambi pang'ono, n'kubwezera m'dothi latsopano. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri.

Wanga tsopano ndi kachere wochokera kuseri kwa khitchini ya amayi. Wasamuka nane nyumba ziwiri, ali m'theka la mgolo, ndipo ndimamudulira kuti asapitirire paphewa panga. Ndikadzapeza puloti yanga ndidzamutsitsira pansi, kumalire, kutali ndi maziko a nyumba, mapaipi a madzi ndi dzenje la chimbudzi.